Mnzathu Wina

Amene anandikumbutsa kuti bulogu yanga ikukwanitsa zaka khumi ndi ziwiri ndi mwana wanga wamkazi, osati owerenga. Anaimba foni Lachitatu masana, ine nditapisa dzanja m'mimba mwa pulinta ya ku laibulale kusaka kapepala komwe kanakanirira. Anati anthu olemba pa intaneti akafika chaka chotere amalemba nkhani yoyang'ana m'mbuyo, kunena zomwe aphunzira ndi kuthokoza omwe ayenda nawo. Ndinamuuza kuti ndamva, ndiganizapo. Anaseka, nati mawu amenewo amawadziwa, ndi omwe ndinkayankha malemu amayi ake akandiuza kuti ndikonze wailesi ya kunyumba.

Ntchito yanga ndi yoyang'anira makompyuta pa koleji ina. Ofesi yanga ili pansi pa masitepe, kachipinda kopanda zenera momwe muli seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse za koleji, komanso mashelefu a mawaya ndi makina oziziritsa mpweya omwe anaikidwa chifukwa cha sevayo, osati chifukwa cha ine. Juzi ndimavala chaka chonse. Pakoleji ponse amanditchula a Pasiwedi, poti munthu sagogoda pachitseko changa pokhapokha waiwala pasiwedi yake. Aphunzitsi a madigiri atatuatatu amalowa atakwinya nkhope ngati ndawaiwalitsa ndine, ndipo ndikawakonzera amatuluka osatseka chitseko. Izi zimandinyansa mpaka lero, koma ndinasiya kuyankhula.

Bulogu imatchedwa Zimitsani Muyatsenso. Lachisanu lililonse, anthu akayamba kuzemba kupita kwawo, ndimakhala pansi n'kulemba zomwe zavuta sabata imeneyo ndi momwe zakonzedwera: laputopu yomwe inamwa tiyi, fulashi yomwe inabisa mafayilo, waya yemwe ankaoneka wabwinobwino koma atafa mkati. Ndimalemba m'chinenero chathu, kuti munthu wa ntchito ngati yanga asamachite kutembenuza m'mutu. Owerenga si ambiri. Kachiwerengero ka pakona kamaonetsa anthu makumi awiri kapena atatu pa sabata, ndipo ndikukayika ngati ena mwa iwo si ine ndemwe ndikamabwerera kukaona ngati ndalakwitsa sipelo. Ndemanga zimabwera mwa apo ndi apo, zambiri za anthu ofuna kuti ndiwakonzere foni kudzera pa intaneti.

Aliyense wowerenga amaganiza kuti m'kachipindamu tilimo angapo, chifukwa nkhani zonse ndi za ife. Tinatsegula, tinapeza, tinadabwa. Wina anafunsapo kuti kodi ku ofesi kwanuko muli angati, mukuoneka kuti mumasangalala. Ndemangayo ndinangoidumpha.

Poyamba ife ameneyo anali weniweni. Tinali awiri, ine ndi mnzanga yemwe tinkamutchula Fyuzi chifukwa sankachedwa kupsa mtima. Sikuludalaiva ikasowa pamalo pake, khonde lonse linkadziwa. Koma mkwiyo wake unali wa mphindi zisanu, kenako ankabwera ndi makapu awiri a tiyi ngati palibe chachitika. Dzina la bulogu anapeka ndi iye, tsiku lomwe tinakwera masitepe onse kupita kwa mkulu wa koleji kukakonza kompyuta yomwe inangofunika kuzimitsa ndi kuyatsanso. Iye anali ndi pakamwa, ine ndinali ndi zala. Ankayendayenda m'kachipindamo akufotokoza, ine ndikutayipa ndi kuchotsa mawu otukwana. Tikawotcha chipangizo tinkalemba kuti tinawotcha, ngakhale wawotcha ndi mmodzi. Palibe anakhazikitsa lamulo limenelo, zinkangochitika choncho kwa zaka zitatu.

Kenako kunabwera nkhani ya madisiki awiri. Kumapeto kwa temu seva inadzadza, ndiye tinasamutsira malikisi onse a ophunzira pa disiki yatsopano kuti tikonze sevayo. Panali disiki inanso yofanana nayo ndendende, yakuda, yokhala ndi zinthu zakale zosafunika. Ndinadula titepi tiwiri, n'kutimata m'mphepete mwa tebulo, pena ndinalemba YAKALE, pena YATSOPANO. Ndisanamate pa madisiki, foni inalira, alembi a mkulu wa koleji akuti pulojekita yakana ndipo alendo akhala kale pansi. Ndinamatula titepi tija, kumata mothamanga, n'kutuluka ndikuuza Fyuzi kuti, “Ase, fufuta yakaleyo tiikemo zina.” Anachita zomwe ndinamuuza. Malikisi a ophunzira mazana anayi anapita pa mphindi zitatu.

Tinazindikira masana omwewo. Disiki yakale inali ndi kachipsera pakona, pomwe inagwerapo pansi, ndipo tepi yolembedwa YATSOPANO inali pa disiki ya kachipserayo. Tonse tinaona, tonse tinadziwa dzanja lomwe linalemba ndi kumata. Ndinayembekeza kuti aphulika. Iye anangomatula titepi tija, kutikulunga ndi zala, n'kutiponya m'bini. Kenako aliyense anabwerera pampando wake.

Lachisanu la sabata imeneyo Fyuzi anali kumwamba kulemba lipoti, ndiye ndinalemba ndekha. Nkhaniyo ndinaipatsa mutu woti Musanafufute, yang'anani kawiri. Inali nkhani yabwino, yothandiza, mpaka pano ndi yomwe imawerengedwa kuposa zonse. Chiganizo chake choyamba chinali chakuti, “Sabata ino mnzathu wina anafufuta disiki yolakwika.” Za tepi munalibe. Ndinadziuza kuti sindinanene bodza, komanso sindinatchule munthu dzina. Kusatchula dzina mu ofesi ya anthu awiri!

Alembi aja anali mmodzi mwa owerenga athu okhulupirika. Anasindikiza nkhaniyo, ndipo tsiku la mlandu pepalalo linaikidwa patebulo ngati umboni wa mnzake wogwira naye ntchito. Fyuzi analiwerenga mpaka pansi, anandiyang'ana kamodzi, analipinda pawiri, n'kuuza akuluakuluwo kuti ndi zoona, anafufuta ndi iye. Atandifunsa ngati ndili ndi choonjezera, ndinati ndilibe. Mwana wanga anali pafupi kulemba mayeso, amayi ake anali atayamba kudwaladwala, ndipo ntchito sinkapezeka chisawawa. Zifukwa zimenezi ndazibwereza mumtima kambirimbiri. Zonse ndi zoona, koma sizinandikwanirepo.

Anamuchotsa ntchito mwezi womwewo. Wina m'malo mwake sanalembedwe, akuti munthu mmodzi akukwanira. Lachisanu lotsatira ndinakhala pansi, zala zinalemba zokha kuti tinatsegula, ndipo ndinazisiya. Poyamba chinali chizolowezi. Kenako anali manyazi, chifukwa kusintha kukanakhala kulengeza kuti mnzathu uja kulibenso. Koma pomwe zaka zinkapita, makamaka amayi a mwana atatisiya, ndinazindikira kuti ola limodzi la Lachisanulo ndi lokhalo pa sabata lomwe sindinkakhala ndekha. Malemuwo anali atandiseka kale. Tsiku lina akuwerenga pa foni yanga anafunsa kuti, “Ife wanuyu ndi inu ndi ndani? Ndi seva?” Ndinati ndi kalembedwe chabe, iwo anangoti ehe.

Ndiye mwana wanga atanena zothokoza omwe ndayenda nawo, ndinadziwa kuti nkhani ya zaka khumi ndi ziwiriyo singalembeke ndisanaonane ndi Fyuzi. Ndinayesa ndithu. Lachinayi ndinalemba ndime yoyamba kasanu, ndipo kasanu konse inkamveka ngati malonje a munthu wothawa mlandu. Chomwe ndinkafuna chinali chodziwikiratu: ndikamuuze ndi pakamwa panga za tepi ija, andikhululukire, ndipo alembeko mizere ingapo m'nkhaniyo, kuti ife uja akhalenso woona ngakhale kamodzi kokha. Sitinali titaonana kwa zaka zisanu ndi zinayi. Pa maliro a mkazi wanga ndinamva kuti anabwera, anakhala kumbuyo, n'kuchoka anthu asanabalalike.

Komwe ali ndinkakudziwa kalekale, poti m'ntchito yathu tonse timagula zipangizo m'masitolo omwewo ndipo ogulitsa sasunga nkhani. Loweruka m'mawa ndinasita shati, kukwera basi, n'kutsikira kudepoti. Kuseri kwake kuli mzere wa timashopu tothinana, ometa, osoka nsapato, ogulitsa machaja olendewera ngati zingwe zoyanikira. Ndinadutsa shopu yake kawiri ndikunamizira kuyang'ana mahedifoni. Pamwamba pa chitseko panali chikwangwani cholembedwa ndi penti yabuluu kuti Timakonza mafoni ndi malaputopu. Ndinadzilimbitsa mtima kuti nayenso ndi wa ti-, koma nditasuzumira ndinaona kuti wake ndi woona. Pakauntala panali akazi ake, akulandira mafoni ndi kulemba timapepala.

Anandizindikira nthawi yomweyo. Anati, “Alamu, ndinu?” n'kundipatsa moni wonse mwadongosolo, kufunsa za mwana, kupepesa za maliro, koma nkhope yawo sinasunthe. Anandikokera kampando kachitsulo pakona, pafupi ndi katoni ya malaputopu akufa. Fyuzi anali mkati, atawerama pa benchi pansi pa getsi la galasi lokulitsa zinthu. Imvi zinali zitamugwira m'mbali, magalasi ake anali okhuthala kuposa kale. Anadzutsa mutu, kundiyang'ana pamwamba pa magalasiwo, n'kunena kuti, “Akulu, mwatiyendera.” Zaka zonse zomwe tinagwira ntchito limodzi sananditchulepo akulu. Ndinali ase, ndinali iwe, tsiku loipa ndinali chitsiru iwe. Ulemu umenewo unandilasa kuposa chipongwe.

Anati ndidikire pang'ono, Loweruka kumakhala anthu. Ndinadikira ola lathunthu. Kunabwera mayi wa foni yomwe inagwera m'ndowa, wapolisi wofuna batire, mtsikana yemwe ankalumbira kuti laputopu yake inangozima yokha pomwe pakona pake panali potswanyika poonekeratu. Fyuzi wakale akanamufunsa ngati laputopuyo inadziponyanso yokha pansi. Uyu anangogwedeza mutu n'kumuuza tsiku lodzatenga. Ndinkayang'ana manja ake. Chipangizo chilichonse chikafika pa benchi, ankayamba wadula tepi, kuimata pa chipangizocho, kuisisita ndi chala chachikulu, ndipo pokhapo ndi pomwe ankatenga cholembera n'kulembapo. Kumata kaye, kulemba pambuyo. Anachita zimenezo kasanu ndi kamodzi ndikuona, mosaganizira n'komwe.

Anthu atachepa, alamu anati akukatenga masikirini omwe anaitanitsa kusitolo ya kutsidya kwa msewu. Ndikuganiza kuti masikiriniwo akanatha kudikira. Titatsala awiri, ndinakokera kampando kufupi ndi benchi. Mawu omwe ndinakonza m'basi onse anali atabalalika, ndiye ndinangoyambira pakati.

“Tepi ija ndinasemphanitsa ndine.”

“Ndikudziwa,” anatero osasiya kumasula kasikulu. “Si ndinaimatula ndine?”

“Ndinayenera kunena tsiku la mlandu lija.”

“Mukananena akanatichotsa tonse. Zimenezo ine ndinali nditaziona kale, n'chifukwa chake ndinataya titepi tija. Inu munali ndi wodwala pakhomo, ine ndinalibe. Ndinati apite mmodzi, wina atsale.” Anaika kasikuluko m'kachivindikiro ka botolo. “M'lipoti lomwe ndinkalemba kumwamba tsiku lija munalibe dzina lanu. Ndikutsika ndi lipotilo m'manja, inu n'kuti mutatumiza kale nkhani yanu.”

Zimenezi sindinkazidziwa. Zaka zonsezi ndinkadzitonthoza kuti ndinachita zoipa chifukwa chosowa pothawira, kuti panali iye kapena ine. Apa ndinamva kuti munthuyo anali atandisenzera kale katundu, ine n'kumukankha ali chisenzere. Ndinapepesa. Ndinapepesa mobwereza mpaka anakweza dzanja kuti basi. Anati zinapita, shopu ikuwadyetsa, ana akuphunzira, ndipo sakwera masitepe a munthu aliyense.

Poona kuti nkhope yake yamasuka, ndinatulutsa pempho langa. Ndinafotokoza za zaka khumi ndi ziwiri, za nkhani yoyang'ana m'mbuyo, kuti ndilembamo zoona zonse za tepi, ndipo iye ngati woyambitsa mnzanga alembeko ndime imodzi. Ndinaonjeza kuti mwina sakudziwa, koma bulogu ija ikadalipo.

“Ndimawerenga,” anatero. “Lachisanu lililonse.”

Ndinasangalala ngati mwana. Ndinaganiza za kachiwerengero ka pakona kaja, kuti m'makumi awiri aja mmodzi anali iye, sabata ndi sabata. Anapitiriza kuti m'nkhani ya sabata yatha ya rauta, kabokosi kogawa intaneti, ndinazungulira mtunda wautali pachabe, pali batani kuseri lomwe likanathetsa nkhani pa mphindi imodzi. Ndinati batani limenelo pa mtundu umenewo kulibe. Anati lilipo, limabisika pansi pa sitika. Ndinati anama. Anaponya sikuludalaiva pa benchi, mawu anakwera, anayamba kujambula rautayo ndi chala pa fumbi la pakauntala, ndipo kwa kanthawi kochepa ndinamuona Fyuzi wanga uja, mitsempha ya m'khosi itaima. Tinaseka tonse. Ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti mawu otsatira akhala ase.

Anavula magalasi, kuwapukuta ndi m'mphepete mwa shati, n'kuwavalanso.

“Ndime sindilemba, akulu. Koma poti mwabwera, pali chimodzi choti ndikupempheni. Mundichotsemo.”

“M'nkhani ya disiki ija? Ndikaifufuta lero lomwe.”

“Ayi, ijayo isiyeni. Ndi yokhayo yomwe mumanena za ine n'kukhala kuti ndinalipodi. Ndikunena zinazo. Zaka naini mwakhala mukundikweza makwerero, kundinyamulitsa mapulinta, kundimwetsa tiyi m'chipinda chomwe anandithamangitsamo. Sabata yomwe mwana wanga wachiwiri anagonekedwa m'chipatala, ndinakhala pa benchi ya kuwodi n'kuwerenga kuti tinaseka mpaka misozi chifukwa cha khoswe yemwe anatafuna waya wa kulaibulale. Ine sabata imeneyo sindinaseke.”

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati ndi kalembedwe chabe, anthu ambiri amati ife akutanthauza iwo okha, ndi ulemu wa pa chinenero. Anapukusa mutu pang'onopang'ono.

“Ife wa ulemu ndimamudziwa. Wanuyo amavala magalasi, sathira shuga wambiri mu tiyi, ndipo amakwiya sikuludalaiva ikasowa. Ndilibe nanu chifukwa, mkwiyo unatha kalekale. Koma kumeneko kulibe ine. Muzilemba kuti ndina-.”

Ndinafunsa ngati akutanthauza kuyambira pano. Anati zonse, kuyambira sabata yomwe anachoka, ngati ndikufunadi kukonza kanthu. Ananena mofatsa, mopanda nkhanza, monga momwe amauzira kasitomala kuti bodi ya mkati mwa foni yapsa ndipo palibe chochita. Pomwepo kunalowa bambo wina ndi tabuleti yosweka, alamu anafika ndi kabokosi ka masikirini, ndipo Fyuzi anadula tepi. Ndinatsanzika. Anati ndiyende bwino, ndikapereke moni kwa mwana. Alamu anandiperekeza mpaka pakhomo pokha, n'kubwerera kukauntala.

M'basi pobwerera ndinakwiya, ndisaname. Ndinkati munthu ndadzichepetsa, ndasita shati, ndapepesa mpaka mawu kusasa, iye n'kundipatsa ntchito ya kalaliki. Bulogu ndi yanga, zala ndi zanga, ndingalembe zomwe ndikufuna. Mkwiyowo unandifikitsa pa siteji ya kwathu n'kundisiya pomwepo. Polowa m'nyumba, kuvula nsapato, kumva firiji ikung'ung'udza yokha kukhitchini, ndinadziwa kuti ndichita zomwe wanena. Chinali chinthu choyamba kundipempha pa zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ndinkadziwa kuti ndi chomaliza.

Lolemba ndinawerenga nkhani zonse zolembedwa kuyambira sabata yomwe anachoka. Zinakwana mazana anayi ndi makumi asanu ndi limodzi. Mwana wanga ataimba kufunsa ngati nkhani ya chikondwerero yayambika, ndinamuuza kuti sikukhala nkhani yotero, ndikukonza zakale. Ndinamufotokozera zonse, za tepi zomwe, koyamba. Nditamaliza anangofunsa ngati ndadya. Atamva kuchuluka kwa nkhanizo anati koma adadi, munthu wa makompyuta ngati inu mungakonze chimodzichimodzi? Uzani kompyuta isinthe ti aliyense akhale ndi, ntchito ya mphindi imodzi.

Ndinkadziwa kuti sizingatheke, komabe ndinayesa pa nkhani imodzi kuti ndione. Kompyuta inamvera ndi mtima wonse. Liwu loti kuti linasanduka kundi, intaneti inakhala intanendi, tiyi anakhala ndiyi, batire linakhala bandire. Chiganizo china chinatuluka chikuti ndinaona kundi bandire latha, ndinamwa ndiyi. Ndinaseka mokweza mpaka kutsokomola, ndinatembenuza sikirini kumanzere kuti ndionetse munthu, ndipo kumanzereko kunali shelefu ya mawaya. Ndinabweza sikirini, kubweza nkhaniyo momwe inalili, n'kuyamba ndi manja.

Zoyamba zinali zosavuta. Tinatsegula, ndinatsegula. Tinapeza, ndinapeza. Kufufuta chilembo chimodzi, kuika ziwiri. Pakati pa ogogoda ndi mafoni ndinkakonza nkhani makumi atatu pa tsiku. Koma munthu sungasinthe mawu osawerenga chiganizo, ndipo ziganizozo zikasintha zinkayamba kunena zina. Tsopano zinkati: ndinadya mochedwa tsiku limenelo. Ndinakhala mu ofesi tchuthi chonse kudikira seva. Ndinanyamula pulinta kuchoka pansi mpaka chipinda chachitatu chammwamba, msana ukupweteka mpaka lero. Sabata yomwe ndinaika mkazi wanga m'manda panalinso nkhani, ya kiyibodi yomata, ndipo inkati tinabwerera kuntchito Lachinayi chifukwa kunyumba kunalibe chochita. Ndinaisintha nayonso. Kuyang'ana m'mbuyo komwe mwana wanga ankanena ndinakuchita ndithu, mzere ndi mzere, ndipo ndinasungulumwa kuposa tsiku lililonse lomwe ndinalembapo.

Lachisanu masana, nthawi yomwe ndimayenera kulemba yatsopano, ndinali pa nkhani ya chaka chachisanu ndi chimodzi, ya kompyuta ya ku ofesi yolembetsa ophunzira yomwe inkangozima. Inali yaitali, yosangalatsa, imodzi mwa zomwe ndinkanyadira. Inkati titakambirana kwa nthawi, tinatsutsana, wina akuti ndi memore wina akuti ndi kutentha. Tinabetcherana. Tinathandizana kuitsitsa pa tebulo, tinalandizana bulashi, ndipo fumbi litatuluka tinayang'anana n'kugwirizana kuti vuto ndi fani. Pomaliza tinatsanzikana pageti, mvula ikuyamba.

Ndinafufuta ti woyamba n'kulemba ndi. Nditakambirana. Ndinaima. Kukambirana ndi ndani? Ndinayesa wotsatira. Ndinatsutsana, ndinabetcherana, ndinathandizana, ndinayang'anana. Mawu onsewo ankangoima pakamwa pali yasa, kudikira munthu wachiwiri. Ndinayesa kuwazembetsa, kulemba kuti ndinadzifunsa, ndinaganiza, koma limenelo linali bodza lina, chifukwa tsiku limenelo sindikukumbuka kuti ndinaganiza chilichonse. Panalibe njira yowakonzera. Ndinayamba kuwachotsa, chiganizo ndi chiganizo, mkangano, kubetcha, bulashi, geti ndi mvula yomwe.

Nditamaliza ndinawerenga zotsala. Inali mizere inayi. Kompyuta inkazima yokha. Ndinaitsegula ndipo fani inali yodzadza fumbi. Ndinaipukuta. Inayamba kugwira ntchito.

Ndi zokhazo zomwe zinachitika tsiku limenelo. Ndinasunga, n'kutsegula nkhani yotsatira.